Bulauzi ya Manja Aatali

Modester wa kwa Kalembo anakula akuvala biriwita, nsalu yakuda ija imene inkasiya utoto m'khwapa munthu akatuluka thukuta. Anakwatiwa ndi Wyson, mkamwini wofatsa wochokera ku Ulongwe, ndipo anabereka mwana mmodzi, Clementina. Ankalima thonje kumunsi kwa mudzi, cha ku Shire. Anali mayi wokonda anthu, woti akaseka kudooko a kumunda ankamva.

Mu 1947 thonje linachita bwino. Atagulitsa, Modester anayenda wapansi mpaka ku Balaka, nalowa m'sitolo ya mmwenye, naloza nsalu imene ankaisirira kwa zaka ziwiri: yachikasu, ya maluwa ofiira aakulu ngati chikhatho. Anadulitsa yaitali, yoti patuluke chovala cha kutchalitchi, cha kuukwati ndi mpango wa kumutu. Chilimwe chinali pafupi, nyengo ya maukwati ndi magule.

Koma panali chinthu chimene sanauze munthu. Milungu ingapo m'mbuyomo anapeza banga lotuwa pamkono wake wamanzere, kumunsi kwa chigongono. Analibaya ndi munga, osamva kanthu. Anabayanso mpaka magazi, osamvabe. Ankadziwa tanthauzo lake, chifukwa ali mtsikana anaona a Goliati, amalume ake, akumangiridwa kanyumba kunja kwa mudzi chifukwa cha khate.

Tsono atatuluka m'sitolomo anaima pakhonde pamene telala wina, a Usumani, ankapalasa makina.

“Mundisokere bulauzi ya manja aatali, ofika apa,” anatero akuloza padzanja.

“Amayi, tikulowa m'chilimwe,” anatero a Usumani. “Okutobala wa kuno mukumudziwa. Mupsa nawo manja amenewo.”

“Ndaona akazi a aphunzitsi akuvala choncho.”

“Iwo aja salima.”

“Ingosokani, bambo.”

Bulauzi inatuluka yokongola kuposa mmene ankaganizira. Lamulungu loyamba, atavala bulauziyo, nsalu yotsala m'chiuno ndi mpango kumutu, amayi anamuzungulira panja pa tchalitchi kugwiragwira maluwawo. Wyson anayenda naye limodzi pobwerera, chinthu chimene sankachita.

Kuyambira tsiku limenelo bulauziyo sinachokenso m'thupi. Ankapita nayo kumunda kukasosa, kuchitsime, kumtondo. Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo, anzake atangomanga nsalu pachifuwa mapewa ali pamtunda, iye thukuta linkayenderera m'manja a bulauzi mpaka kudontha kuzala. Kudooko anasiya kusamba ndi anzake. Ankatunga madzi n'kukasambira kuseri kwa nyumba, n'kuchapa bulauziyo pomwepo, n'kuivala isanaume. Banga lachiwiri litatuluka pakhosi, anatsitsa mpango kumutu nayamba kuukulunga m'khosi. Amayi ena anatengera, akuyesa ndi kavalidwe katsopano ka ku Balaka. Ena anayamba kunong'ona kuti Modester wayamba matama.

“Achemwali, kodi bulauziyi anakusokerani pathupi?” anafunsa mng'ono wake Ida tsiku lina. “Ndibwerekeniko ndikaonekere kuukwati wa kwa a Blasius.”

“Iyayi, sikukwana iwe.”

“Ife thupi ndi limodzi, achemwali.”

Modester anangowerama n'kupitiriza kupeta. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali Clementina. Mwanayo akabwera kuti amunyamule, iye ankamukankhira kwa Ida, ati watopa. Sankadziwa ngati nthendayo imalowa pogwirana, ndipo panalibe woti amufunse popanda kudziulula.

Zinaululika paukwati womwewo wa kwa a Blasius, mu Novembala, mvula isanagwe. Modester anali m'gulu la amayi ophika thobwa. Akusonkhezera moto, khala linagwera pamkono wa bulauzi. Iye anapitiriza kucheza. Ida ndiye anaona utsi, namugwira n'kung'amba nsaluyo. Khungu linali litapsa malo aakulu, mwiniwake osadziwa, ndipo banga lija linali poyera. Mayi wina anabwera n'kumulanda mthiko mwaulemu, osamukhudza dzanja.

Patapita masiku anayi Wyson anamuperekeza kumudzi wa odwala khate umene masisitere ankayang'anira pafupi ndi mishoni ina. Anayenda tsiku lonse, Wyson patsogolo, iye pambuyo. Pachipata mwamunayo anatula kamtolo pansi.

“Amake Clementina, mukachira ndidzabwera kudzakutengani.”

“Mwanayo musapite naye kwanu. Akhale ndi Ida.”

“Ndamva.”

Mwana anakhaladi ndi Ida, koma Wyson anangodikira zaka ziwiri, kenako anabwerera ku Ulongwe nakwatira.

Modester anakhala m'mudzi umenewo zaka zisanu ndi zinayi. Kawiri pamlungu ankaima pamzere kulandira jakisoni wa mafuta amene ankatupitsa thako. Anapatsidwa kamunda ka chinangwa. Kumeneko kunalibe chobisa, aliyense anali ndi mawanga ake, ndipo kwa nthawi yoyamba anayendanso mikono ili pamtunda. Bulauzi ija anaidula manja onse awiri. Nsalu ya m'chiuno inkabwerekedwa ndi mkwatibwi aliyense wa m'mudzimo, chifukwa odwala nawo ankakwatirana, mpaka inatha ndi kuchapa. Ida ankabwera kamodzi pachaka, akakolola, n'kukhala patsidya pa mpanda wa nkhadze, Clementina ataima kumbuyo kwake akuyang'ana pansi.

Kenako kunabwera mapiritsi atsopano. Mawanga anazilala, ngakhale zala ziwiri za kumanzere zinali zitapindika kale. Mu 1956 sisitere wamkulu anamupatsa kalata yonena kuti sangapatsirenso munthu, nati apite kwawo.

Kwa Kalembo anamulandira bwino ndithu. Anamuphera nkhuku. Koma mbale yake inali yakeyake, chikho chakechake, ndipo mphasa imene anakhalapo ankaiyanika padzuwa akangonyamuka. Anaonetsa kalata ija, a Blasius anaiwerenga mokweza, anthu anagwedeza mitu, koma mbale sinasinthe. Clementina, amene tsopano anali namwali, ankamutchula kuti “amayi aakulu”, ndipo Ida ndiye anali “amayi”. Modester anamva yekha anthu akukambirana kuti mnyamata amene ankafuna kufunsira Clementina wayamba kuzengereza chibwerere iye.

Anakhala milungu isanu ndi umodzi. M'mawa wina anamanga kamtolo kake, nauza Ida kuti chinangwa chake chija chikhoza kudyedwa ndi nguluwe.

“Mudzabweranso liti, achemwali?”

“Ukwati wa mwanayu ukadutsa.”

Sisitere atamuona pachipata cha mudzi wa odwala uja sanafunse zambiri. Anamubwezera nyumba yake yomwe ija, nampatsa ntchito yochapa mabandeji ndi kuwapinda. Anaigwira zaka zambiri, ndipo odwala atsopano akafika akulira, iye ndiye ankawaonetsa potunga madzi ndi pogona.