Duku la Agogo Esinati

Fungo la penti wosakaniza ndi parafini likangondipeza, ndimabwerera ku Kanakantapa, pakhonde la agogo aamuna, a Tembo, pomwe utsi wa zitsononkho unkatiyabwa m'maso, nkhuku zikuponda m'zitini za utoto n'kumasiya mapazi obiriwira pabwalo lonse. Atapuma ntchito yaumesenjala ku Lusaka, anzawo anagula ng'ombe. Iwo anagula maburashi. Ankapenta thabwa lililonse n'kumatapo makoko a chimanga, nthenga za nkhanga ndi zitsekero za mabotolo, ndipo chitseko cha chimbudzi chitazulidwa kuti chisanduke mtsinje wa Chongwe, banja lonse linaphunzira kutsokomola lili m'kati.

Koma chomwe ankafunitsitsa chinali nkhope ya agogo aakazi, a Esinati, amene anamwalira osajambulitsapo chithunzi. Nkhopeyo inali itayamba kuwathawa m'mutu. Tsiku lina anandiyang'anitsitsa ndikutafuna nzimbe, n'kudumpha ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Mphuno iyo! Masaya ayo! Iwe, khala apa, usagwedezeke!"

Anandimanga duku la malemuwo. Ine, mwamuna wa giredi sikisi, woopedwa pabwalo la mpira, ndinakhala pampando manja ali pamiyendo, anzanga akusuzumira pampanda n'kumakuwa moni wachipongwe kuti, "Ba Mayi Tembo, muli shani?"

"Agogo, nifuna kuyenda ku bola."

"Mkazi wanga sanali kumenya bola. Tseka pakamwa, nili pamilomo."

Mtundu wa khungu anaupeza posakaniza dothi lofiira ndi makala, pakhosi anamata mikanda yeniyeni, kenako duku linachoka pamutu panga n'kukhomedwa pathabwa. Woweruza anali mmodzi yekha, agogo Tisa, mng'ono wa malemu, amene anaitanidwa kuchokera ku Bundabunda. Agogo analumbira kuti mlamu wawoyo akapanda kuzindikira mbale wake, thabwa ndi maburashi zipita pamoto. Anavala jekete, n'kuvundukula chithunzicho.

Agogo Tisa anayang'ana, n'kuyang'anabe.

"Alamu, mwalakwitsa."

Agogo anakhala pansi pomwe panalibe mpando.

"Esinati sanali kumanga duku monga munthu wodwala mutu. Nipaseni mpeni."

Agogo Tisa anazula timisomali, anapinda nsaluyo mwaluso, mfundo n'kuigwetsera pakhutu lamanzere. Atabwerera m'mbuyo pang'ono anagwada, n'kuwomba m'manja.

"Mwabwela, akulu anga."

Kenako nthungululu! Agogo anadzuka n'kuvina ndi jekete lawo mpaka fumbi linakwera, akufuula kuti, "Ni yeve! Ni yeve!"

Ku koleji ndinachoka wopanda pepala la maphunziro, koma agogo atamwalira thabwalo linagwera ine, ndipo lili pabalaza panga. Alendo amayang'ana chithunzi, amayang'ana ine ndi ndevu zangazi, n'kufunsa monong'ona ngati ndili ndi mbiri ina imene sindinawauze. Ndimakonza kolala n'kuwayankha mwaulemu kuti amenewo ndi agogo aakazi. Ine ndinangowabwezera nkhope yawo.