Kukapempha Reji ku Chelstone

Tinanyamuka ku Kabwata, kuno ku Lusaka, cha m'ma seveni m'mawa, ine ndi mwana wanga woyamba, Tamanda. Anali atapeza ntchito m'sitolo ya nsalu, koma eni ake anati asayambe popanda reji, chiphaso chija cha nzika za Zambia. Ku ofesi anatiuza kuti popeza ine ndine wa ku Mchinji, pafunika bambo ake abwere ndi reji yawo adzachitire umboni. Bambo akewo, a Mwanza, anatisiya zaka khumi ndi ziwiri zapitazo m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni. Kuyambira pamenepo ana atatu ndawalera ndekha ndi maganyu ochapa ku Woodlands.

Minibasi ya ku tauni inali makwacha khumi munthu mmodzi. Pampando wa anthu atatu tinakhala anayi, kuwonjezapo thumba la kapenta lomwe linapeza malo abwino kuposa ine. Mayi mwini thumbalo atandimva ndikulankhula anaseka.

"Ba mami, Chinyanja chanu ni cha mu Baibo. Ndimwe ba ku Malawi?"

"Ndine wa ku Chipata," ndinatero. Bodza limeneli ndalinena zaka makumi awiri, moti limatuluka lokha.

M'tauni tinadikira ola lathunthu kuti basi ya ku Chelstone, kumene a Mwanza amakhala tsopano, idzaze. Tinagula chinangwa chowotcha chimodzi n'kugawana. Basi italowa mumsewu waukulu wopita ku Chipata, mtima unandiwawa. Ndi msewu womwewo umene a Mwanza anandibweretsera kuno ndili mtsikana, akundilonjeza kuti za mapepala anga akonza tikangofika.

Tinatsika cha m'ma leveni. Mayi wina wa kutchalitchi anali atandilongosolera njira, ndipo nyumbayo sinativute: mpanda wa njerwa, geti lobiriwira, mitengo iwiri ya mango. Anatsegula ndi mkazi wawo watsopano, pang'ono chabe, mokwana nkhope yake. Nditanena dzina langa anatsekanso. Tinaima padzuwa mpaka a Mwanza anatuluka, atanenepa, imvi zili mbuu, atavala patapata. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Uyu ni Tamanda olo ni Chisomo?"

Chisomo ndi mng'ono wake, amene anamusiya akukwawa.

Ndinafotokoza zonse mwaulemu, ndikuwatchula kuti bambo a Tamanda. Iwo ankangokanda kukhosi.

"Amake Tamanda, nkhani za maofesi zivuta. Bakanifunsa za mapepa yanu nizakamba chani? Nili na banja manje."

"Dadi, ni siku imozi chabe," anatero Tamanda.

"Nizakutumila foni."

Nambala sanafunse. Anapisa m'thumba n'kutulutsa fifite kwacha. Tamanda anatembenuka n'kuyamba kuyenda. Ine ndinailandira, ndi manja awiri, mpaka ndinapinda bondo, mkazi uja akusuzumira pageti.

Pobwerera Tamanda anakakhala mpando wakumbuyo yekha. Sanandilankhule mpaka titatsika m'tauni, pakati pa mawilibala ndi ogulitsa tomato panjira yopita kumsika wa Soweto.

"Amayi, mwalandiliranji?"

"Ang'ono ako adya chiyani lero?"

Ndinagula ufa ndi repu, iye akundiyembekeza chapatali ngati sitidziwana. Kuchokera pamenepo tinayenda wapansi mpaka ku Kabwata, ndipo tinafika cha m'ma fili, mapazi ali tuu ndi fumbi.

Anzanga a kumudzi mumati ife a ku Lusaka tili pabwino. Mwana wanga anabadwira mumzinda uno, Mchinji sanayiwonepo, koma kuti akhale wa kuno mpaka munthu amene sakumuzindikira nkhope avomere. Ntchito ija anapatsa wina Lolemba lotsatira. Tamanda akadandikwiyirabe, ndipo sindimutsutsa. Inenso ndikanakonda kuitaya pansi ndalama ija, koma kukana kumafuna munthu amene kunyumba wasiya ana okhuta.