Mazira a m'Botolo

Chaka chomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ine ndinaika m'manda mwana wanga woyamba. Anatupa miyendo, tsitsi linafiira, kenako basi. Patapita miyezi ingapo mng'ono wake, yemwe anali atangosiya kuyamwa, naye anayamba kutupa mapazi. Ndinkadina ndi chala, pamalopo n'kutsala kadzenje. Ndinkangoyang'ana. Misozi inali itandithera.

Nthawi imeneyo mabungwe anali atachuluka, ndipo lina linatipatsa nkhuku za mikolongwe ife amayi a kalabu ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kasakula. Zinkaikira bwino. Koma ine ndinali ku chitengwa, ndipo apongozi anga aakazi ankati mwana akadya dzira amadwala khunyu. Anamwino a ku Ntchisi boma anandiuza kuti ndizimupatsa. Ndinavomera uku, ndinavomeranso uko. Mazira onse ankalowa m'thireyi kukagulitsidwa.

Tsiku lina alangizi a bungwelo anabwera ndi lole kuti tikaone komwe mazira athu amathera, ku fakitale ina ku Lilongwe. Ulendo unali waulere. Ndinakwera chifukwa dzina langa linali papepala. Mwana ndinawasiyira alamu anga.

Pakhomo anatiuza kuti tivule maduku, tivale tizipewa toyera tonga ukonde. Amayi ena achikulire anakana, amvekere sangavule duku pamaso pa amuna ngati ali kubafa. Anzanga anaseka mpaka kugwirana, ndipo amayiwo anawalola kuvala kachipewako pamwamba pa duku. Ine ndinangovula.

M'katimo munkanunkha viniga. Mazira ankayenda pa lamba, kachitsulo n'kumawaswa, chachikasu kwake, choyera kwake. Mu chachikasucho ankathira mafuta ophikira ndi mchere, makina n'kumatakasa mpaka zitakhala ngati phala losalala. Abambo otiperekeza anati dzina lake ndi mayonezi. Ndinafunsa funso limodzi lokha, ngati ana amadya zimenezi.

"Anga atatu amachita kunyambita ndi supuni yomwe, mayi," iwo anatero.

Potuluka aliyense analandira kabotolo, n'kutichenjeza kuti tikatsegula tisakasunge masiku ambiri poti tilibe firiji.

Kunyumba apongozi anatsegula, ananunkhiza, n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndinati ndi majarini a m'tauni. Analawa ndi chala, anakwinya nkhope, n'kunena kuti za azungu n'zowawasa, ndingomupatsa mwanayo. Ndinkamukanyira ndi mbatata yophika, m'mawa ndi masana. Kabotolo kanatha masiku anayi. Mwana sanagwe. Sanachirenso, mapazi anali chimodzimodzi.

Tsiku lachisanu ndinatola dzira m'khola n'kuliphika panja, pamafuwa a pabwalo, osati m'khitchini. Apongozi anali pakhonde akusankha nyemba. Anandiona ndikusenda, mwana ali pamiyendo.

"Mayi a mwana, mukutani?"

"Wakhala akudya mazira masiku onsewa, amayi. M'botolo muja. Inunso munalawa."

Anasiya kusankha nyemba zija. Anayang'ana mwanayo, anayang'ana ine.

"Zikachitika n'zanu."

"N'zanga," ndinatero.

Mwana anadya theka, n'kugona. Mawa lake ndinaphika lina, ndipo thireyi linkapita ku Kasakula losadzaza. Apongozi sanalankhulenso za nkhaniyi, koma kwa masabata awiri sanamunyamule mdzukulu wawo.

Kutupako kunatenga mwezi ndi theka kuti kuphwe, ndi maulendo awiri a ku chipatala, matope mpaka m'mawondo. Sindikumbukira kuti ndinasangalala. Ndimakumbukira kudina kaphazi kaja m'mawa uliwonse, n'kudikira kuti kadzenje katsekeke.