Jekete ya Aphunzitsi

Mdzukulu wanga wabwera ndi kamera yakale ya filimu, akuti waigula pa Mlare ndipo akuphunzira kujambula. Wogulitsayo sindinamuone, komabe sindikumukhulupirira. Koma nditanunkhiza kachikwama kachikopa ka kamerayo, fungo la nkhungu landibwezera kwathu ku Wovwe, ndili kamtsikana kosadziwa nsapato.

Asibweni, mlongo wawo wa amayi, anabwera ndi kamera yotereyi kuchokera ku Mbeya. Pophunzira, filimu anaithera pa ng'ombe za eni ake, n'kutsala malo a chithunzi chimodzi chokha. Chimenecho ankafuna kukapatsa mtsikana wa ku Vinthukutu amene ankamufunsira. Jekete yojambulitsira anakachotsa ya aphunzitsi a m'mudzi mwathu pachingwe pomwe inayanikidwa, osapempha.

Anandigwiritsa kamera ija, yozizira, yolemera ngati mwala. "Dzuwa likhale kumsana kwako. Usapume, usagwedeze. Ukaphonya, ndikalamba wosakwatira, mlandu n'ngwako."

Ndinatsinzina diso limodzi. M'kagalasi muja asibweni anachepa ngati chala, dzanja m'thumba, chibwano m'mwamba. Koma ine chibadwire maso anga sakhala malo amodzi. Kumbuyo kwawo, pamalire a munda wa mpunga, ndinaona aphunzitsi akubwera chothamanga, matope mpaka m'mawondo.

"Dikira kaye ndikonze kolala," anatero asibweni.

"Isiyeni kolalayo, asibweni. Ingosekani."

"Iwe, mwini kamera ndine kapena ndiwe?"

"Ndinu. Sekani msanga."

Dzanja la aphunzitsi linali litatsala pang'ono kutera paphewa. Asibweni anaonetsa mano onse, ine n'kudina.