Bogi ya Amayi

A Tolba ankasita zovala za anthu kuseri kwa siteshoni ya Raml mu Alexandria, ndipo msana utawakana anasiyira mphwawo shopu. Ntchito inatha, koma tiramu, sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda, sanaisiye. Madzulo aliwonse ankavala jekete yosita bwino n'kukaima pasiteshoni kudikira mwana wawo Nagat, amene ankagulitsa nsalu m'tauni.

Sikuti ankadikira kuti alonjerane ayi. Nagat anakwatiwa ndi mnyamata wokonza mawailesi amene a Tolba anamukana, ndipo tsiku la ukwati mkuluyu anatsegula shopu n'kumasita malaya a eni, nyimbo zikumveka mumsewu. Anali munthu wouma mutu, tisanamizane. Akazi awo atamwalira, m'nyumba mutangoti zii, m'pamene mtima unafewa, koma mwana anali atawataya kale.

Nagat ankakwera bogi yakutsogolo, ya amayi okhaokha, kumene mwamuna sapondako. A Tolba ankakwera yachiwiri n'kuyandikira galasi loonera m'bogi ya amayi, maso ali pa mpango wa mwana wawo pakati pa mipango ina. Sitolo zikuluzikulu zinkatha, n'kuyamba nyumba zoyanika zovala m'makhonde, anthu akutsika mmodzimmodzi mpaka ku Victoria, kumathero a njanji. Kumeneko Nagat ankalowa m'kanjira osacheuka, iwo n'kubwerera ndi tiramu yomweyo, okhaokha. Zinkamvetsa chisoni.

"Agogo, ku Victoria munaiwalako chiyani?" kondakitala ankawaseka. "Kapena kutsogoloku kuli wina wakuberani mtima? Pa msinkhu wanuwu!"

"Dula tikiti iwe, usiye zolongolola."

Tsiku lina kunagwa chimvula, bogi ya amayi inadzaza mpaka pakhomo, ndipo Nagat anakwera yachiwiri. Anthu anamukankhakankha mpaka anapezeka ataima pamaso pa a Tolba. Apa m'pamene anaona zimene galasi linkawabisira: mwana wawo anali woyembekezera, wotopa kale. Mkuluyu anadzambatuka n'kumusiyira mpando. Anangoima atagwira chitsulo.

Tiramu itadutsa siteshoni ya Sidi Gaber, Nagat analankhula, maso ali pawindo.

"Ndimakuonanitu tsiku lililonse, ababa. Mumayesa kutsogolo kuja ndimakwererako chiyani?"

"Ndikudziwa, mwana wanga."

Zinathera pomwepo. Ku Victoria anatsika yekha, dzanja la bambo ake osalilandira.

Tsiku lotsatira kunawala dzuwa. A Tolba anazengereza kutuluka, komabe miyendo inawatenga. Nagat anafika n'kukwera kwa amayi monga mwa masiku onse, ndipo mtima wa mkuluyu unangoti myuu. M'bogimo mipando yopanda anthu inalimo yambiri. Nagat anaidutsa yonse, n'kukakhala pa mpando wakumapeto kwenikweni, mutu atatsamiritsa pagalasi loyang'anana ndi la bambo ake. Sanacheuke.

Kondakitala atabwera ndi nthabwala zake, anapeza a Tolba akupukuta fumbi pagalasi ndi mkono wa jekete yawo yosita bwino ija, ndipo anangodula tikiti n'kupitirira.