Ndowa ya Mbewu ya ku Zóbuè

Kwathu ku Zóbuè mvula ikagwa kawiri motsatizana, munthu amadzala. Mapiri amasunga chinyezi, ndipo chimanga chikamera chamera. Ku Moatize, ulendo wa maola ochepa pa minibasi zimene timati shapa, ndi dziko lina: chigwa, miyala, ndi dzuwa loti ukagwira chitseko chachitsulo masana umapsa dzanja.

Achemwali anga anatsikira kumeneko amuna awo atapeza ntchito yaulonda pamgodi wa malasha. Ntchito itatha, bamboyo anapita kukafuna ina ndipo sanabwerenso. Achemwali anatsala ndi ana atatu ndi kamunda kobwereka kuseri kwa nyumba za m'dera lotchedwa bairo ya 25 de Setembro. Ine ndinkagwira ntchito ku Tete, ndipo ndinkawayendera Loweruka lililonse.

Chuma chawo chinali ndowa imodzi ya mbewu ya chimanga cha makolo, chimene mayi athu anasunga muutsi kutsindwi asanamwalire. Achibale onse anali atasiya kuchilima. M'ndowamo munali chakudya cha ana cha chaka chonse.

Mu Novembala mvula inagwa Lachinayi, n'kubwereza Lachisanu. Loweruka ndinawapeza akunola khasu. Mnansi wawo, mayi wachinyungwe amene mgodi unamusamutsa pamunda wake, anaima pampanda.

"Vizinya, mnansi wanga, bwezani khasulo. Iyi si mvula, yangobwera kudzatsuka malasha pamalata."

"Kwathu bwenzi titadzala dzulo," anayankha achemwali.

"Kwanu n'kwanu. Dzalani theka, theka musunge. Apo ayi tengani mapira anga."

"Ana anga adye mapira? Ndi mpheta kodi?"

Onse awiri anaseka. Ine ndinatenga khasu lina, chifukwa nanenso ndinakulira kumapiri. Tinadzala ndowa yonse tsiku lomwelo.

Chimanga chinamera bwino, mizere yowongoka. Kenako kumwamba kunatseka kwa masabata atatu. Masana ena kunkamveka kugunda, ana n'kuthamangira panja akukuwa kuti mvula. Kunali kuphulitsa miyala kumgodi. Mtambo umene unkatsatira unali wa fumbi, ndipo unkatera pamasamba. Achemwali anayesa kuthirira ndi zigubu, koma madzi a pampopi sankakwana ndi akumwa omwe. Masamba anapindika ngati a anyezi, kenako anayera. Loweruka lachitatu ndinazula phesi limodzi, linafumbutuka m'manja.

Mvula yeniyeni inabwera Chaka Chatsopano chitadutsa. Inagwa yambiri, pamunda wopanda kanthu.

M'mawa mwake achemwali anapita pampanda paja atanyamula ndowa ija. Mnansi sanawaseke. Anangowathirira mapira mbale ziwiri, n'kunena kuti, "Musakwirire kwambiri."

Mnansiyo asanathire, ndinaona achemwali akuyendetsa chala m'mbali mwa ndowa, pamene chitsulo chinapindika. Ankafuna njere ngakhale imodzi ya chimanga cha mayi. Munalibe.