Makasu Otsamira pa Mtengo wa Mapeyala

Ndinadzuka kusanache, amayi a mvano akutsiriza nyimbo zochezera. Chiperoni chinali chitaphimba phiri. Pokasonkha moto kuseri kwa nyumba ndinaona makasu amene tinabwereka dzulo lake ali chitsamire pa mtengo wa mapeyala. Adzukulu amayenera kuwatenga tambala woyamba kuti akakumbe manda. Palibe anawakhudza.

Maliro anali a amalume, amene anali dokotala wa opaleshoni ya manja ku Blantyre. Pamene ankayamba ntchito, dzanja lophwanyika linkangodulidwa. Iwo anakaphunzira kunja kulumikiza mitsempha yaing'ono ngati ulusi, nabwera kudzaphunzitsa ena. Koma kwathu kuno munthu amayesedwa ndi maliro amene anapitako, ndipo amalume sankapezeka.

Kutacha, adzukulu anabwera n'kukhala pansi chapatali. Amayi anakagwada pamaso pa mkulu wawo.

"Ifetu sitikukana, mayi," anatero mkuluyo. "Tikungodikira adokotala adzatiuze pamene anakumbapo iwo."

Ena anaseka. Amayi anabwerera.

Anthu anayamba kufika: maminibasi ochokera ku Chitakale, madokotala ovala masuti akuda, othyola tiyi ali ndi mapepala apulasitiki kumutu. Ambiri popereka moni ankatembenuza dzanja kuonetsa chipsera. Nthawi inakwana teni. Abusa ankangoyang'ana wotchi, mvula ikukula. Madokotala ananong'onezana zobwerera ndi thupi ku Blantyre, ndipo amayi atamva anakhala pansi m'matope. Amalume anali atapempha okha kuti adzagone pafupi ndi amayi awo.

Kenaka bambo wina wa ku Likhubula, wonyamula katundu wa alendo m'phiri, anapita pa mtengo paja. Dzanja lake lamanja linali ndi zala zitatu. Anagwira khasu nalo n'kulikweza.

"Sowo inandidya dzanja ili. Adokotala anakhala nalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndilozereni njira ya kumanda."

"Mlendo sakumba kuno, achimwene," anatero mkulu wa adzukulu.

"Ndiye ndiimirira pompano."

Amuna ena anayi anaimirira pambali pake, mmodzi atavala chisoti cha Chisilamu. Mkulu uja anayang'anitsitsa zala zitatu zija zitakulunga mpini. Anadzuka pang'onopang'ono, nalanda khasulo.

"Bweretsani kuno, mungaphwasule ntchito ya adokotala."

Anzake anatola makasu otsalawo.

Tinanyamuka cha m'ma fili koloko, mvula itasanduka mawawa. Njira inali yoterera, koma bokosi silinapendekeke. Amalume anagona pafupi ndi agogo.

Madzulo nyumba inali zii. Ndinatsuka makasu kuti ndikabweze mawa. Amayi anandipeza ndikuyang'ana nthochi yakuda imene amalume ankandiphunzitsirapo kusoka mabala sabata yatha.

"Udokotalawo udzaphunzire," anatero. "Koma Loweruka kuli maliro ku Thuchila. Tipitira limodzi."